Luso la wojambula limaonekera pa zithunzi zimene wasiya

Ojambula zithunzi ongoyamba kumene akakonza zoonetsa ntchito zawo madzulo, mwambo wake susiyana kwenikweni. Magetsi amazimitsidwa, pulojekita imaponya zithunzi pakhoma, mwini wake n'kuima pambali kumafotokoza. Ku Market Photo Workshop, sukulu imene David Goldblatt anayambitsa ku Johannesburg mu 1989, kuyala ntchito yako pamaso pa anzako kuti aiunike ndi mbali ya maphunziro, ndipo kumeneko n'kumene kunasulidwa akatswiri monga Zanele Muholi, Jodi Bieber ndi Sabelo Mlangeni. Wokhala pampando madzulo otere sachedwa kuzindikira kuti chosiyanitsa ojambula si mtengo wa kamera. Ndi kusankha: zithunzi ziti zalowa, ziti zatsala, ndipo chiti chatsatana ndi chiti.

Wongoyamba kumene amakonda kubwera ndi zambiri. Aonetsa zithunzi zitatu za mayi mmodzi wogulitsa pamsika, zonse zojambulidwa nthawi imodzi. Pa choyamba kuwala kunagwa bwino, pa chachiwiri mayiyo anamwetulira, chachitatu anachipeza movutikira ndiye sakufuna kuchitaya. Koma woonerera thukutalo saliona. Chimene amaona n'chakuti wojambula walephera kugamula, ntchito yosankha wamusiyira iye. Zithunzizo zimalandana mphamvu, ndipo pofika pa chachitatu maso atopa kale. Kale filimu imodzi inkatha pa zithunzi 36, munthu ankayamba waganiza asanadine. Lero foni siletsa, choncho kudziletsa konse kwasamukira pa nthawi yosankha.

Robert Frank anazungulira dziko la America pa galimoto mu 1955 ndi 1956, n'kujambula zithunzi zoposa 27,000. M'buku lake lotchedwa The Americans, lomwe linayamba kutuluka ku France mu 1958, munalowa 83 zokha. Anapeta ngati mpunga m'lichero, ndipo zosankhidwazo anazisanja kuti ziziyankhulana. Mbendera ya dzikolo imabwerabwera m'bukumo, kuyambira pa chithunzi choyamba cha ku Hoboken pomwe yaphimba nkhope ya munthu woima pawindo. Ukaipezanso patsogolo, suionanso ngati nsalu ya chikondwerero chabe. Tanthauzo limenelo silili m'chithunzi chimodzi, limabadwa pa kasanjidwe.

Mbali ina imene madzulowa amaika poyera ndi mawu. Pali ojambula amene amayankhula mphindi zisanu za kusungulumwa ndi kusowa kwawo, pomwe pakhoma pali mpando wopanda munthu umene sukunena chilichonse cha zimenezo. Mawu akusenza katundu amene chithunzi chakana. Goldblatt anaonetsa njira ina m'buku la The Transported of KwaNdebele, la mu 1989. Anakwera mabasi limodzi ndi antchito amene boma la tsankho linawaika kutali ndi Pretoria, anthu onyamuka kudakali mdima n'kubwerera usiku. Zithunzi zake n'zakuda, zina zosaoneka bwino chifukwa cha kugwedezeka kwa basi, anthu atagona chokhala. Mawu a m'munsi mwake amatchula malo, njira ya basi ndi nthawi, zinthu zimene kamera singathe kuonetsa. Ukaphatikiza nthawizo, kutopa kwa anthuwo umakuwerengera wekha, popanda wokuuza kuti umve chisoni.

Kusankha kulinso ndi mlandu wake. Amene wakhala mwezi m'dera la anthu osauka, n'kusankha zithunzi za ana olira ndi madenga odontha zokhazokha, kusiya za ukwati ndi za mpira, sananame pa chithunzi chilichonse, komabe wanamizira dera lonselo. Apa ndi pamene kukambirana kumaposa chionetsero cha m'nyumba yopachikamo zithunzi, chifukwa mwini ntchito alipo ndipo angafunsidwe za zimene anasiya m'kompyuta.

Vuto ndi lakuti oonerera kawirikawiri amachita ulemu wopitirira. Amaomba m'manja, amafunsa mtundu wa kamera ndi lenzi, mwambo n'kutha. Wojambula amapita kwawo wosangalala koma asanaphunzirepo kanthu. Mafunso omuthandiza ndi amene amam'bwezera ku zimene anagamula yekha. Titachotsa chithunzi chachinayi, nkhaniyi ingaperewere pati? N'chifukwa chiyani mwayamba ndi nkhope osati msewu? Munthu ali pachithunzipa wachiona, ndipo anati chiyani? Wokhoza kuyankha wayamba kale kuganiza ngati mkonzi wa ntchito yake. Wosowa yankho sanataye madzulowo, chifukwa wadziwa kuti ntchito yotsala sikufuna ulendo wina wokajambula. Ikufuna kuti asindikize zimene ali nazo, aziyale patebulo, n'kuyamba kuchotsa.