Kanjovu ndi Tsamba Lotsatira

Ndatopa nawo mabuku a zithunzi a ana amene amathera pa mawu akuti "Phunziro". Nkhani yake mukuidziwa kale: kanyama kena, kawirikawiri kanjovu, kanyamuka ulendo, kavutika pang'ono, kafika, kenaka pa tsamba lomaliza wolemba aimirira kutilalikira kuti khama limapindula. Osankha mabuku a ana nawonso funso lawo ndi limodzi: kodi bukuli likuphunzitsa chiyani? Ine funso langa ndi lina. Kodi dzanja la mwana likuthamangira kutsegula tsamba lotsatira? Luso lonse lagona pamenepo.

Ndimaganiza za mwana wa kwa Mburuma, m'boma la Luangwa, lija kale linkatchedwa Feira, kumene Luangwa amathira m'Zambezi moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Mwana ameneyu njovu sanaiyambire m'buku. Waona mapazi ake m'mawa m'munda wa chimanga, mapesi ali lambalamba. Wamva akuluakulu akuomba zitini usiku wonse kuti ichoke. Mukam'patsa kanjovu komwetulira, ka maso aakulu ngati chidole, kojambulidwa mothamanga pa kompyuta, azindikira msanga kuti wojambulayo njovu sanaiyang'anitsitsepo. Zithunzi zotere sizisiya kanthu m'maso, ndipo ndilibe nazo mawu ena.

Buku la zithunzi nthawi zambiri limakhala ndi masamba 32. Chida chachikulu cha wolemba m'masamba ochepawa ndi kamphindi kaja mwana wagwira nsonga ya pepala koma sanatembenuze. Agogo athu kamphindi aka ankakadziwa bwino. Wokamba nthano amaima, omvera nkuti "tili tonse", ndiye amapitiriza. Kutembenuza tsamba ndiye "tili tonse" wa buku. Wodziwa ntchito amasiya funso kumapeto kwa tsamba lakumanja, yankho nkulibisa kuseri.

Tiyerekeze kanjovu m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la m'chigwa likuswa mtengo, kamtsinje kauma mpaka kutsala mchenga wokhawokha. Njovu zazikulu zimakumba mchenga wotere ndi mapazi ndi chitamba mpaka madzi atatuluka. Koma kamwana kamatha miyezi kasanadziwe kuyendetsa chitamba chake, ndipo poyamba kamachita kugwada nkumwa ndi pakamwa. Nalotu khama loyenera buku! Tsamba loyamba, kachitamba kali lende pamchenga. Tsegulani: mchenga wakathira m'maso. Tsegulaninso: kagwada, dzenje lakula pang'ono, mthunzi wa mlambe wasunthira mbali ina. Tsegulaninso: pansi pa dzenje mchenga wada ndi chinyezi. Palibe pamene palembedwa kuti kanjovu nkolimbikira. Mwana wawerenga khamalo pa mthunzi wosunthawo ndi pa dzenje lomakulirakuliralo. Walipeza yekha, ndipo chimene mwana wadzipezera yekha sachiiwala.

Amene anaonetsa bwino kwambiri kuti chithunzi chikhoza kunena zimene mawu abisa ndi Pat Hutchins, m'buku lake la Rosie's Walk la mu 1968. Nkhuku yathadzi ikungoyenda pakhomo. Mawu onse m'bukumo ndi 32 basi, ndipo nkhandwe imene ikuilondola pambuyo siitchulidwa ngakhale kamodzi, ili m'zithunzi mokha. Wamkulu amawerenga mawu, mwana amaona nkhandwe, ndipo amakuwa kuti nkhuku ichenjere. Bukuli ndimalikonda zedi chifukwa limakhulupirira maso a mwana. Limamusandutsa mwana kukhala wodziwa zambiri kuposa wowerenga.

Mabuku otchuka a tinjovu sandifika pamtima chomwechi. Babar wa Jean de Brunhoff, wa mu 1931, anamujambula mokongola, koma mlenje atangopha amake, kanjovuko kathawira kumzinda nkukagula suti yobiriwira, ndipo kulimbikira kwake konse nkofuna kufanana ndi anthu. Kanjovu ka Rudyard Kipling ka mu 1902, kaja kanapita ku Limpopo kukafufuza chimene ng'ona imadya, khama kali nalo, koma nkhaniyo imayenda ndi mawu, zithunzi zimangoperekeza.

Kwa Mburuma nkhani ya chithunziyi ikukula kwambiri. Kunyumba ana ambiri a m'bomali amalankhula Chinsenga kapena Chichikunda, pamene chilankhulo cha kuno chimene amakumana nacho m'mabuku a kusukulu ndi Chinyanja. Mawu ena akam'thawa mwana, chithunzi ndicho chimam'gwira dzanja kuti asatayike. Choncho mawu akhale ochepa, ndipo akhale aja omveka m'khutu: chitamba chili lende, madzi ali nyezinyezi, kanjovu kali phe kumvetsera. Chilankhulo chathu chili nawo mawu otere ambirimbiri, ndipo zimandipweteka kuwaona akusiyidwa, m'malo mwake nkudzaza tsamba ndi ziganizo zazitali zofotokoza zimene chithunzi chanena kale.

Ena adzati njovu yeniyeni iopseza ana, kapena iwadanitsa ndi nyama zakutchire. Ine ndikuona kuti bodza ndilo limadanitsa. Mwana amene banja lake lagona ndi njala chifukwa cha njovu sangakhulupirire buku lonena kuti njovu ndi bwenzi lake basi. Jambulani kanjovu kakukumba madzi, ndipo chakumbali kwa tsamba lomwelo, patali, muikepo nsanja ya mlonda wa m'munda ndi kautsi kakufuka. Musalembepo kanthu. Mwana wa m'mbali mwa Luangwa aona kuti ludzu la kanjovu ndi njala ya kwawo zakumana pa tsamba limodzi, ndipo afuna kudziwa kuti usiku ukafika zitha bwanji. Atembenuza tsamba asanauzidwe.