Dzimbiri Lililonse Likhale ndi Chifukwa

Munthu akatsegula katoni ya Airfix kapena ya Tamiya amapezamo tizidutswa ta pulasitiki, pepala la malangizo ndi tizizindikiro tomata. Akatha kudula, kupala ndi kulumikiza, patebulo pamakhala kandege kapena kakasinja kopepuka ngati chidole cha mwana. Chimene chimachititsa kuti kanthu kokwana m'manja kaoneke ngati kasinja wa Panther wolemera matani 45 ndi penti, makamaka ntchito yomaliza imene eni lusoli amaitcha weathering, kutanthauza kukalambitsa: kuika fumbi, matope, mwaye, dzimbiri ndi mikwingwirima. Anthu ambiri amayesa ukatswiri wa ntchitoyi poona kuchuluka kwa litsiro, koma muyeso umenewo ndi wolakwika. Kukalambitsa kwabwino ndi umboni, ndipo banga lililonse liyenera kutha kunena chimene chidalibweretsa pamalopo.

Tiyambe ndi chifukwa chake penti yokha sikwanira. Airfix idatulutsa kandege kake ka Spitfire m'zaka za m'ma 1950 pa muyeso wa 1/72, ndipo Tamiya ya ku Shizuoka ku Japan idatchukitsa muyeso wa 1/35 pa akasinja. Kuchepetsa kotereku kumasokoneza kuwala. Pa kasinja weniweni, mpata wa pakati pa zitsulo ndi wakuya moti umadzipangira mthunzi wokha. Pa pulasitiki mpata womwewo ndi kamzere kosazama, ndipo ukangopakidwa mtundu umodzi umazimirira. N'chifukwa chake amisiri ngati François Verlinden wa ku Belgium ndi Sheperd Paine wa ku America adafalitsa, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, njira ziwiri zimene zikadali maziko mpaka lero. Yoyamba ndi wash: penti yakuda yosungunulidwa mpaka kukhala ngati tiyi wopanda mkaka, imene ukangoikhudzitsa ndi nsonga ya burashi imathamanga yokha m'mizere ndi kuzungulira mitu ya mabawuti. Yachiwiri ndi dry brushing: kuviika burashi mu penti yowala, kuipukuta pansanza mpaka ioneke ngati yauma, kenako kuisesa mopepuka kuti m'mbali mokha mugwire mtundu. Njira ziwirizi zimangobwezeretsa mthunzi ndi kuwala zimene kuchepa kudalanda, ndipo pamenepa palibe bodza limene lanenedwa.

Bodza limayamba wopenta akaiwala kuti kukalamba kuli ndi ndondomeko. Akasinja a Germany kuyambira mu February 1943 ankapakidwa mtundu wachikasu wotuwira wotchedwa Dunkelgelb, pamwamba pa penti yoyamba yofiirira yoteteza chitsulo. Choncho kukalika pang'ono kuyenera kuonetsa chikasu chowalako, kozama kuonetse kufiirira, ndipo chitsulo chenicheni chioneke pokhapokha pamene pankakhulika tsiku ndi tsiku: m'mphepete mwa zitseko, pa zogwirira, ndi pamene nsapato za asilikali zinkaponda pokwera. M'nyengo yozizira ya 1941 mpaka 1942 ku Russia, asilikali ankapaka akasinja awo utoto woyera wosakhalitsa kuti asaonekere pa chipale chofewa, ndipo utotowo unkasupuka mosavuta. Pofuna kutsanzira zimenezi, amisiri amapopera mankhwala oumitsa tsitsi pamwamba pa penti yoyamba, n'kupopera penti yoyera pamwamba pake, ndiyeno amakhula ndi burashi yonyowa. Madzi amasungunula mankhwala a pansi aja ndipo choyeracho chimasupuka m'tizidutswa tosafanana. Njirayi imakhutiritsa maso chifukwa imatsata zomwe zidachitikadi: pali penti ya pansi, pali ya pamwamba, pali kukhula. Koma mmisiri akakhula paliponse mofanana, ngakhale pansi pa mfuti pamene palibe amene ankafikapo, ndiye kuti njira waidziwa koma nkhani waitaya. Chimodzimodzinso amene amaika dzimbiri lofiira pa phiko la Spitfire: phikolo linali la aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira.

Ena anganene kuti ili ndi luso, si lipoti la mbiri, ndipo wopenta ali ndi ufulu wokokomeza monga mmene wazisudzo amadetsera nsidze kuti wa kumbuyo kwa holo aone nkhope yake. Mawuwa ali ndi nzeru. Kakasinja ka 1/35 ukakayang'ana uli masentimita 30 kutali, zili ngati ukuyang'ana weniweni pa mtunda wa mamita 10 ndi theka, ndipo pa mtunda umenewo zinthu zambiri zazing'ono sizioneka. Popanda kukokomeza pang'ono, chifanizirocho chimaoneka chakufa. Komabe masamu omwewo amaika malire. Kabanga ka milimita 1 pa muyeso wa 1/35 ndi banga la masentimita 3 ndi theka pa kasinja weniweni. Kamzere kakuda ka theka la milimita pa ndege ya 1/72 ndi mpata wa masentimita oposa 3 pakati pa malata, ndipo ndege yotero sikadaloledwa kunyamuka. Wazisudzo amadetsa nsidze zimene ali nazo kale, sajambula yachitatu pachipumi. Kukweza mawu a chinthu chomwe chilipo ndi luso. Kupeka chomwe kulibe ndi chikomekome cha mkuyu.

Mbali inayo kuli ena amene amati kukalambitsa konse ndi chinyengo. Iwo amati akasinja ambiri a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sankakhalitsa ku nkhondo mpaka kuchita dzimbiri lochindikala, ndipo ndege zinali ndi amakaniko ozisamalira. Pa dzimbiri akunena zoona, koma akusakaniza zinthu zosiyana msinkhu. Dzimbiri lodya chitsulo limafuna nthawi, pamene fumbi limafuna ulendo umodzi, ndipo matope amangofuna mvula ya usiku umodzi. Zithunzi za ndege za Lancaster zimaonetsa mizere yotuwa ya utsi pamwamba pa mapiko, kumbuyo kwa mainjini, chifukwa mafuta ake anali ndi mtovu. Ndege zambiri za Japan chakumapeto kwa nkhondoyo zinkasupuka penti kwambiri chifukwa inkapakidwa pa chitsulo popanda penti yoyamba. Choncho chifaniziro choyera mbee nachonso chikunena kanthu: chikuti makinawa angotuluka kumene m'fakitale. Ngati wachipatsa zizindikiro za gulu lomwe lidatha miyezi ku chipululu cha Libya, kuyerako ndi bodza lofanana ndi la dzimbiri lopeka lija.

Vuto la masiku ano ndi lakuti zipangizo zathamanga kuposa maso. Miguel Jimenez wa ku Spain, amene ambiri amamudziwa kuti Mig, adatchukitsa ufa wa mitundu wotsanzira fumbi ndi njira zosinthira kawalidwe ka penti, ndipo lero matope, mafuta otayikira ndi dzimbiri zimagulitsidwa m'timabotolo tolembedwa kale maina. Zimenezi zathandiza ongoyamba kumene, koma zabalanso zifaniziro zofanana ngati ana a mimba imodzi, chifukwa ambiri akutengera zifaniziro za anzawo m'malo moyang'ana makina enieni. Pa zionetsero zikuluzikulu ngati cha bungwe la IPMS ku Telford ku Britain, chimene chimachitika mu November, ntchito imene imaimitsa munthu nthawi yaitali ndi imene fumbi lake lagwirizana ndi dothi la malo amene ikunena, ndipo mafuta ake atsika kuchokera pa chivundikiro cha thanki.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene akufuna kuphunzira kukalambitsa aime kaye pafupi ndi lole yonyamula mchenga kapena thirakitala ya kumunda: aone kumene matayala amaponyera matope, mmene mvula imatsitsira fumbi m'mizere yowongoka, ndi mmene chogwirira cha chitseko chimanyezimira chifukwa cha manja. Akabwerera patebulo, asanagwetse dontho lililonse adzifunse kuti chidabweretsa banga limeneli n'chiyani. Ngati yankho palibe, burashi ibwerere m'chitini.