Ufumu wa Kalonga Wogulitsidwa M'zidutswa

Masewera a pakompyuta otchedwa Europa Universalis IV amayambira pa 11 Novembala 1444 ndipo amakathera m'chaka cha 1821. Wosewera sapatsidwa mpira kapena mfuti. Amapatsidwa mapu a dziko lonse lapansi, n'kuuzidwa kuti asankhe ufumu woti aulamulire: atolere msonkho, atumize amalonda, apalane ubwenzi ndi mafumu anzake, ndipo nkhondo ikafika aimenye. Munthu akatsetsereka ndi mapuwo kuchoka ku Ulaya, kudutsa Kilwa, n'kufika kunyanja yathu ino, amapeza dzina loti Maravi, kumwera kwake Lundu, kumpoto kwake Tumbuka. Mmalawi aliyense amene anaona zimenezi koyamba amadziwa mmene mtima umadumphira.

Kuno ku Lilongwe osewera masewera a mtundu umenewu ndi ochepa. M'timashopu ta ku Old Town, momwe anyamata amalipira kuti agwire PlayStation, mumamveka phokoso la mpira basi. Masewera a mapu amafuna laputopu yolimba, magetsi osazimazima ndi usiku wautali, motero amapezeka kwa ophunzira a m'makoleji, kwa ena ogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre, ndi m'nyumba za ku Area 10, 12 kapena 43 komwe kuli sola ndi jenereta. Koma ochepawo akakumana, nkhani siichedwa kufika pa DLC, zowonjezera zija zimene kampani ya Paradox ya ku Stockholm imagulitsa padera. Masewerawa anatuluka mu 2013, ndipo kwa zaka zoposa khumi kampaniyo inakhala ikutulutsa zowonjezera, china chikatha china, mpaka mtengo wa zonse pamodzi unafika madola mazana angapo.

Dandaulo loyamba ndi la ndalama, ndipo kwa ife ndi lomveka kuposa kwa mnzathu wa ku Sweden. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa Steam, msika wa pa intaneti wogulirapo masewerawa, amagulitsa m'madola, ndipo aliyense mumzinda muno akudziwa kuvuta kwa ndalama zakunja. Ngakhale njira yolipira pamwezi imene Paradox inayambitsa mu 2021, imene panthawiyo inali ya madola pafupifupi asanu kuti munthu atsegule zowonjezera zonse, imafunabe khadi yoti idutse kunja. Kuwonjezera apo pali bandulo yotsitsira. Ena amayankha kuti popanda kugulitsa zowonjezera, kampani ikanasiya kalekale kukonza masewerawa, pakuti chowonjezera chachikulu chilichonse chimabwera limodzi ndi zosintha zaulere zimene aliyense amalandira. Zimenezo n'zoona. Ndipotu Maravi amene timanyadirayo anabwera motero: mu 2016, pamene ankagulitsa chowonjezera cha Mare Nostrum, mapu a pakati ndi kum'mawa kwa Africa anadzazidwa ndi maufumu kwaulere.

Ine ndikuona kuti mkangano wa mtengo umaphimba funso la luso, lomwe ndi lalikulu. Chowonjezera chabwino chimadziwika ndi ichi: chikalowa, wosewera amayamba kuganiza mosiyana ndi mmene ankaganizira dzulo. Choipa chili mitundu iwiri. China chimangounjika mabatani atsopano oti munthu adinde n'kulandira mphotho. China, chomwe ndi choipitsitsa, chimachotsa fupa m'thupi la masewera n'kuligulitsa padera.

Chitsanzo cha mtundu wachiwiriwu ndi Common Sense, cha mu 2015. M'masewerawa mfumu imasonkhanitsa mphamvu za mitundu itatu, za kayendetsedwe ka boma, za ukazembe ndi za nkhondo. Common Sense inalola wosewera kuthira mphamvuzo m'chigawo chake kuti chitukuke, chipereke msonkho wambiri ndi asilikali ambiri. Wosagula analibe batani limenelo. Chaka chotsatira kunabwera lamulo laulere lakuti nzeru zatsopano, monga Renaissance ndi makina osindikizira mabuku, zimabadwira kwina, makamaka ku Ulaya, n'kumafalikira pang'onopang'ono, ndipo dziko limene sizinafikeko limalipira zambiri pofuna kupita patsogolo. Njira yodalirika ya ufumu wakutali monga Maravi inali kutukula chigawo chimodzi mpaka nzeruzo zitaphukira pomwepo. Koma kutukulako kunali kogula. Wosewera France sanamve kupweteka kwenikweni. Wosewera Maravi wopanda Common Sense ankangoyang'ana mtengo wa nzeru ukukwera chaka ndi chaka, manja ali omangika. Zinali ngati kugula bawo, kufika nalo kunyumba, n'kupeza kuti maenje a mzere wakutsogolo ndi otsekedwa mpaka ulipirenso. Osewera anadandaula kwa nthawi yaitali, ndipo pambuyo pake kampani inatsegulira aliyense batani lija. Pamenepa maganizo a osewera anali olondola, ndipo anakonza masewera.

Za Leviathan, cha mu Epulo 2021, sindichulukitsa. Chinatuluka chisanapse, chodzaza ndi zolakwika, mpaka ena anataya masewera amene anasunga. Pa Steam osakwana 10 mwa anthu 100 alionse ndiwo anachiyamikira, ndipo Johan Andersson, mkulu wa gulu la Paradox Tinto ku Spain limene linachipanga, anapepesa poyera. Ntchito yosatha ndi yosatha basi, palibe chokambirana.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa Origins, cha mu Novembala 2021, chimene chinapangidwira Africa. Chinapereka mndandanda wa ntchito zapadera kwa Mali, Songhai, Kongo, Ethiopia, Ajuuraan, Kilwa ndi Mutapa. Maravi sali pa mndandanda umenewo. Anzanga ena amakhumudwa ndi kusiyidwako, koma ine sindikuganiza kuti kupatsidwa mndandanda kukanatithandiza kwenikweni. Mndandanda wa ntchito umayenda chonchi: landa zigawo zakutizakuti, ulandire mphotho, manga doko, ulandire ina, gonjetsa mnansi, litseguke bokosi lotsatira. Ambiri amaukonda chifukwa umawapatsa njira yoti atsate ndiponso timawu ta mbiri toti awerenge. Koma pansi pake malamulo ndi omwewo. Mutapa wa mndandanda amaganiza ngati Castile wa ku Ulaya wa mndandanda; chasintha ndi maina a m'mabokosi.

Taonani nkhani ya Mlira. M'masewerawa zipembedzo zamakolo za mbali yaikulu ya Africa anaziika m'thumba limodzi lotchedwa Fetishist. Chowonjezera cha Rights of Man, cha mu 2016, chinalola wosewera kusankhira mfumu yake mwambo umodzi mwa ingapo, ndipo pa mndandandawo pali Mwari, Cwezi, Nyame, komanso Mlira. Ndimawalemekeza amene anafufuza mpaka kupeza dzina limeneli, pakuti ana ambiri a mumzinda muno sanalimvepo. Koma ukadinda Mlira, chimene umalandira ndi kanambala kowonjezera ku ufumu wako, ndipo nkhani yathera pomwepo. M'mbiri yathu Mlira sanali mphotho. Unali mwambo wa chaka ndi chaka pamene akuluakulu a banja lachifumu la a Phiri ankasonkhana ku likulu la Kalonga, kufupi ndi Mankhamba m'dera la Mtakataka, kudzalemekeza mzimu wa kholo lawo, ndipo pomaliza ankatentha tchire la Marimba. Tanthauzo lake pa ndale ndi loonekeratu: mfumu yobwera ikuvomereza kuti Kalonga ndi mkulu, yosabwera yanena mawu popanda kutsegula pakamwa. Mmisiri wa masewera akanatenga mfundo imeneyo, wosewera akanamadikira mwambowo ndi mtima uli m'mwamba, kuwerenga amene afika ndi amene sanafike.

Chimango chonse cha Europa Universalis IV chinamangidwa pa nyumba zachifumu za ku Ulaya: mfumu, mwana wake wolowa ufumu, ukwati pakati pa mabanja achifumu, mpando wa dziko lina wogwera m'manja mwako chifukwa cha ukwatiwo. Ufumu wa Amaravi unkayenda mwina. Ufumu unkadzera kwa amayi. Nyangu, mayi wa ufumu, ndiye anali gwero la olowa pampando, ndipo mwana wobadwa kwa Kalonga mwini sanali woyembekezera mpandowo. Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokera kwa a Banda. Mvula inali m'manja mwa Makewana ku Msinja, m'boma lino la Lilongwe cha ku Dzalanyama, osati m'manja mwa mfumu. Undi ndi Lundu sanali adani achilendo ongopezeka pamalire. Anali abale amene anapatukana ndi likulu n'kukakhazika maufumu awo, wina cha ku Mano, wina kuchigwa cha Shire. Apa pali zonse zimene masewera abwino amafuna: mphamvu yogawika, anthu amene sungawachotse koma uyenera kuwakondweretsa, ndi ufumu umene umakula potumiza abale kutali podziwa kuti tsiku lina abalewo adzaleka kutumiza minyanga.

Ngakhale zosankha zovuta zilipo kale m'mbiri. Mfumu imene Apwitikizi ankaitchula Muzura inatumiza ankhondo 4,000 mu 1608 kukawathandiza kutsidya la Zambezi. Mu 1616 inalandira Gaspar Bocarro paulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Mu 1622 inagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo, ndipo posakhalitsa inawatembenukira. Kuitana mlendo wamfuti kuti akuthandize kugonjetsa mbale wako, kenaka n'kufuna kumuchotsa mlendoyo: wosewera atapatsidwa chisankho chimenecho, ndi mtengo wake womveka, sakanafunanso bokosi la mphotho.

Sindikunena kuti kampani ya ku Stockholm ili ndi ngongole kwa Achewa. Amagulitsa kumene kuli ogula, ndipo ogula a ku Lilongwe sangadzaze ngakhale minibasi zingapo. Chimene ndikunena n'chakuti osewera, a kuno ndi a kunja, akamayeza chowonjezera amafulumira kufunsa kuti muli zinthu zingati ndipo n'zandalama zingati, ndipo kampani imamva funsolo n'kumayankha ndi mabatani ambiri. Funso loti kodi chasintha chiyani pa kaganizidwe ka wosewera limafunsidwa kamodzikamodzi. Art of War, cha mu 2014, chimakondedwabe chifukwa chinayankha funso limeneli: nkhondo ya zipembedzo ya mu ufumu wa Holy Roman Empire ku Ulaya inasanduka chinthu chimene wosewera amachiona chikubwera patali, n'kumasankha mbali zaka zambiri isanayambe. Luso lotere ndi limene Africa sanalandire mokwanira, ngakhale m'chowonjezera chotchulidwa kuti n'chake.

Zipangizo zoti wina agwiritse ntchito zilipo. Samuel Josia Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa chomwechi. Kings Phiri ndi Matthew Schoffeleers anafufuza za maufumu ndi akachisi. Yusuf Juwayeyi anakumba ku Mankhamba n'kupeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ndi mbale zadothi zochokera ku China, ndipo buku lake linatuluka mu 2020. Komanso malamulo ambiri a masewerawa analembedwa m'mafayilo a mawu wamba amene munthu angatsegule pa laputopu iliyonse, ndipo Paradox imalola osewera kusintha masewera n'kugawana ntchito yawo kwaulere pa Steam Workshop. Wophunzira za makompyuta wa ku Area 47 ndi mnzake wophunzira mbiri akhoza kukhala pansi tchuthi chimodzi n'kulemba chochitika choyamba: mwezi wa Seputembala wafika, mafumu aitanidwa ku Mlira, ndipo Lundu watumiza mthenga m'malo mobwera yekha.