Mayina a Kafumbi Wosaoneka

Ilire mbalule, gunda ayankhe! Tcherani khutu a ku Metangula, a ku Messumba, a ku Cobué ndi a ku Meluluca, titamande wamng'ono amene diso silinamuonepo.

Ndiwe Kafumbi, mwana wa zinki ndi sulufule! Ndiwe Chepachepa wa mananomita 10: mutandanda 1,000 simungafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Ndiwe Wothiridwa! Uli wekha unkagona tulo, wokudzutsa anali kuwala kwa UV basi. Akatswiri anakutsinira mkuwa, ena manganizi, ena siliva, monga mayi atsinira mchere mu usipa, pang'ono chabe, koma mphika wonse wasintha. Mkuwa unakuveka kuwala kobiriwira mumdima, manganizi anakuveka kwa mtundu wa lalanje. Ndiwe Nyalimumdima, amene tsopano ngakhale kuwala wamba kumakuutsa.

Ndiwe Mboolakhungu! Kuwala kukakugunda umatenga madzi ndi okosijeni, n'kusula mikondo yoyaka imene imang'amba khungu la bakiteriya mpaka zam'kati kutayika. E. coli wa m'chimbudzi amakudziwa. Staphylococcus wa m'zithupsa amakudziwa. Mng'ono wako, mwana wa mkuwa ndi sulufule, ndi Kamoto: amameza kuwala kwa infrared, n'kutentha, n'kuwotcha kachilombo pomwe kamatirirapo.

Tikuitana chifukwa tinalira. Pa 14 Seputembala 2022 kolera inatulukira muno m'boma la Lago, n'kuwolokera zigawo zina za Mozambique. Tinaona bedi loboola pakati, ndowa pansi pake, maso a mwana atalowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Madzi omwewo amene timatsukira mbale pagombe!

Koma ndiwenso Mlendosanafike. Ukadali m'timbale tagalasi ta m'labotale, kutali ndi mjigo wathu. Kuno otitchinjiriza akadali mankhwala othira m'madzi a Certeza, sopo ndi nkhuni zowiritsira madzi, ndipo ulemu wawo sitiwalanda.

Ukamabwera, m'bale wako wa cadmium umusiye komweko, ameneyo ndi poizoni. Nyanja yathuyi ndi ya chambo, ya mbuna, ya usipa wa pathandala. Mu 2011 mbali yake ya ku Mozambique inalembedwa m'gulu la madzi otetezedwa a Ramsar. Wopha bakiteriya angaphenso tizamoyo timene usipa umadya. Akatswiri akuyese kaye pa nsomba, akuyese m'madzi a mwera ovunduka, atiuze kumene umathera ukatha ntchito. Ukapambana pamenepo, amayi a chioda adzakupekera nyimbo, anyamata a mganda adzakuimbira malipenga kuchokera ku Lunho mpaka ku Ngoo.