Galu wa Candy ndi Mfuti ya Carlson

Amene anawerenga Of Mice and Men, kabuku ka John Steinbeck ka mu 1937, n'kudzidzimuka kuti Lennie wafa, anawerenga akuwodzera. M'mutu woyamba momwe, m'mbali mwa mtsinje wa Salinas pafupi ndi Soledad, George akulanda mnzake Lennie mbewa yakufa imene wakhala akuisisita m'thumba, kenako n'kumulangiza kuti zikadzavuta adzabisale m'zitsamba zomwezo. Mnzako sumuonetsa pothawira ngati kutsogolo kuli mtendere.

Kalosera wina m'bukuli amakwera ngati makwerero: mbewa, diresi lofiira la mtsikana wa ku Weed, dzanja lophwanyidwa la Curley (mwana wa mwini famu imene awiriwa apezako ntchito), kagalu, pomaliza mkazi wa Curley. Chimene Lennie wagwira satha kuchitaya. Apa ine ndimaona kuti mlembi wachulutsa mchere. Pofika pa kagalu timakhala titamva kalekale, ngati mwana amene agogo amuchenjeza kachinayi za chitsime chimodzimodzi. Mwina n'chifukwa chakuti Steinbeck ankalemba maso ali pa zisudzo. Nkhaniyi inaseweredwa ku Broadway chaka chomwecho, ndipo woonera sewero alibe tsamba loti abwerereko.

Luso lenileni lili pa galu wa Candy, mkulu wosesa pafamupo. Galuyo ndi nkhalamba, mano anatha, akununkha, ndipo Carlson, wantchito mnzake, waumirira kuti aphedwe. Akuloza ndi chala chakuphazi pomwe aikepo mfuti, kunkhongo, n'kulonjeza kuti samva kanthu. Slim, amene mawu ake sabwezedwa pafamupo, wavomereza. Carlson atuluka naye galuyo. M'nyumba yogona antchito mwangoti zii. George ayesa kuyambitsa makhadi, koma masewero sakugwira. Mfuti italira patali, Candy atembenukira kukhoma.

Tikamawerenga koyamba timati nkhani apa ndi ya Candy, ndipo sitinalakwe. Mkuluyu ali ndi dzanja limodzi, akudziwa kuti tsiku limene adzalephere kusesa adzamuonetsa msewu. Mantha amenewo ndiwo akumuchititsa kupereka madola 350 ake kuti alowe nawo m'loto la George ndi Lennie logula kamunda. Choncho imfa ya galuyo ikugwira ntchito yake pomwepo, mpaka kubala chiyembekezo. Kalosera wabisala mkati mwa nkhani yokwana payokha, n'chifukwa chake satifuulira ngati mbewa ija.

Usiku womwewo Candy auza George kuti akanamuwombera yekha galu wake, osalola mlendo. George sayankha kanthu. Kuyambira pamenepo funso lasintha. Zoti Lennie afa tikuzidziwa; chatsala n'chakuti afera m'manja mwa yani. Curley akufuna kumuwombera m'mimba. George waba Luger ya Carlson, mfuti yomwe ija, ndipo akuilozetsa kunkhongo, pamalo pomwe paja, uku akumufotokozera mnzake za akalulu amene adzawete.

M'mutu wotsirizawu Steinbeck anawonjezeranso kakowa akumeza njoka ya m'madzi pa dziwe lomwe nkhani inayambira. Ndikanakhala mkonzi ndikanamupempha aichotse mbalameyi, chifukwa galu anali atanena kale zonse. Koma ndimamukhululukira ndikaona amene wamupatsa mawu omaliza m'buku: Carlson, mwini mfuti, ataima ndi Curley, akuyang'ana George ndi Slim akukwera njira, n'kumafunsa kuti kodi anthu awiriwa chawavuta n'chiyani.