Kugwa ndi Kudzuka kwa Nthondo

Mwa mabuku oyamba a nkhani zazitali m'Chinyanja, limodzi loyenera kuwerengedwanso ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Bukuli linapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo linasindikizidwa mu 1933. M'chaka cha 1934 T. Cullen Young analitembenuza m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Koma chofunika kwa mphunzitsi si mphothoyo ayi, koma funso ili: kodi mwana akatsiriza kuwerenga bukuli, wadziwa chiyani za makhalidwe abwino?

Mlembi atsata Nthondo kuyambira kubadwa kufikira imfa. Aonetsa ubwana wake wa kuba ndi mwano, ulendo wake wofuna ntchito kutali, kulowa kwake ufumu, ndiponso kutembenuka mtima kwake. Luso la Ntara lioneka makamaka pa kugwako. Safulumira, ndipo salalikira pa tsamba lililonse. Cholakwa chaching'ono chibala chinzake, kufikira wowerenga aona yekha kuti mbala sibadwa ndi dzanja lalitali, koma ilitalikitsa pang'onopang'ono. Apa mwambi wa makolo wakuti m'mera mpoyamba wasanduka munthu wa mnofu ndi mafupa.

Chofooka cha bukuli chili pa kudzuka. Zoipa za Nthondo zapatsidwa malo aakulu, koma ubwino wake ufika cha kumapeto, ndipo wowerenga saona mokwanira munthu watsopanoyo alikulimbana ndi zizolowezi zake zakale. Tsono mwana angaganize kuti kuipa ndiko kuli ndi njira yaitali, koma chilungamo chingogwera munthu tsiku limodzi monga mvula. Angaganizenso kuti mwambo wa makolo, umene mlembi aufotokoza mwaulemu ndithu, ulibe mphamvu yoongola munthu, popeza sunamuongole Nthondo.

Mwana wa kunyanja ku Salima ali nacho chomuthandiza kuyesa maganizo amenewa, pakuti pafupi ndi kwawo pali chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 asodzi a kumeneko asunga malamulo amene mfumu ndi akuluakulu anaika. Chilumbacho chitsekedwa m'dzinja, kuyambira December kufikira April, kuti utaka ndi nsomba zina ziswane. Chikatsegulidwa, mowa, chamba ndi njuga siziloledwa, ndipo wolakwa alipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Apa mwambo suli chinthu chakufa. Waletsa anthu anjala kukolola lero chimene ana awo adzachifuna mawa. Ndipo kudziletsa kumeneku sikunadze tsiku limodzi: kubwerezedwa chaka ndi chaka, ngakhale ndiwo zitasowa pakhomo.

Komabe Mbenje sichitsutsa Ntara pa zonse. Msodzi amene aleka kuponya khoka chifukwa choopa chindapusa chokha sanafike pa makhalidwe enieni, wangochenjera. Usiku wamdima, wopanda mlonda kapena mboni, munthu wotere adzapalasa bwato lake kunka kumalo oletsedwa. Ameneyo ndiye Nthondo wa panyanja: malamulo awadziwa, koma sanalowe mumtima mwake. Pamenepa mlembi ananena zoona, kuti lamulo lakunja silikwanira ngati mtima sunasinthe. Chimene sanaonetse bwino ndi chakuti mtima wosinthawo ufunanso kuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku, monga dzanja liphunzira nkhafi.

Chifukwa chake mphunzitsi asaphunzitse bukuli monga nthano yothera pa mawu akuti oipa alangidwa, olapa apulumuka. Ana aloweza mawu otere msanga, nawaiwalanso msanga. Koma afunse ana kuti: kodi ndi pati pamene Nthondo akadatha kubwerera? Ndani akadamuletsa, nanga analekeranji? Atakhala mfumu, kodi anthu amene anawabera kale akadamkhulupirira ndi chiyani? Mafunso otere atsogolera mwana kuona kuti munthu wolungama ndiye amene asankha bwino pa zinthu zazing'ono, kawirikawiri, ndiponso posaonedwa ndi wina.

Ntara anajambula kugwa kwa munthu mwaluso losaiwalika. Ntchito yofotokoza kudzuka anaisiya yosatha, ndipo yatsalira mphunzitsi ndi ana ake m'kalasi.