Luso Lowerenga Makalata a Ana a ku Chitipa

Mayi amene ndikunena pano salandira kanthu pa ntchitoyi. Anaphunzira ku yunivesite ya Mzuzu, ndipo iwo ndi anzawo akale a pasukulupo amasonkha kangachepe kothandizira ana a kwawo ku Chitipa amene asankhidwa kupita ku yunivesite. Opempha amachuluka, ndalama n'zochepa. Udindo wowerenga makalata onse unagwera iwowa.

Sathamangira mapointi. Amayamba aona chidindo cha sukulu. Mwana amene wapeza mapointi 20 pa mayeso a MSCE ku CDSS ya ku Nthalire kapena ku Wenya, mwina osagwirako n'komwe zida za mu labotale, samuyeza ndi muyeso umodzi ndi mnzake wa mapointi 14 wa kusukulu yogonera komweko. Mayeso a MANEB ndi amodzi inde, koma anawo sanayende njira imodzi.

Chimene chimandigometsa kwenikweni ndi khutu lawo pa Chingerezi. Ana ambiri kuno amakula akuyankhula Chindali, Chisukwa, Chilambya kapena Chinyiha. Chichewa amachipezera kusukulu, Chingerezi n'kubwera pambuyo pake. Tsono kalata yothyokathyoka siwakhumudwitsa. Imene amaima nayo ndi yosalala mopyola, ya mawu akuluakulu, yoonekeratu kuti analemba ndi malume a m'tauni. Saitaya. Amachonga ndi pensulo m'mphepete, n'kuimbira foni ahedi a pasukulupo. Safunsa ngati mwanayo ndi wosauka, poti aliyense angavomere. Amafunsa amene ankamulipirira fizi ali Fomu 3, ndiponso ngati anabwezedwapo chifukwa cha ngongole.

Mwana wa ku Misuku akalemba kuti bambo ake amalima khofi, mayiwa samuyesa wopeza bwino. Amafuna adziwe kuti mitengoyo ndi ingati, pakuti ndalama za khofi zimabwera kamodzi pachaka ndipo fizi siidikira.

Amaonanso ngati wopemphayo anafunsira kale ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira a m'mayunivesite, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Akaipeza, kangachepe kaja kamapita pa zina: thiransipoti yochoka ku Chitipa, kudzera ku Karonga mpaka ku Zomba kapena ku Thyolo, ndi lendi ya miyezi yoyambirira.

Akakumana ndi dzina la wachibale kapena wa mpingo wawo, kalatayo amaipereka kwa mnzawo asanafike ndime yachiwiri. Osiyidwa nawonso amawayankha mmodzimmodzi, n'kuwalozera kwina kokagogoda chaka chisanathe.